Lipoti la maphunziro a kasanjidwe ka pepala la saikoloji motsatira APA 7

Mayi wapampando ndi anzanga nonse a m'gulu lathu,

Ndabwerako ku maphunziro a masiku awiri aja munanditumako. Zikomo chifukwa cha ndalama ya basi imene munasonkha, malisiti onse ali ndi msungichuma. Munandituma ndi funso limodzi: n'chifukwa chiyani masupavaiza amatibwezera mapepala atafiira ndi inki, chikhalirecho kafukufukuyo alibe vuto?

Chotigwetsa ndi kusanja ndi manja. Timalemba machaputala onse, ndiye usiku womaliza n'kuyamba kukankha mizere ndi space bar. Wotiphunzitsa anatsegula fayilo ya mnzathu wina mu Word, n'kudina kabatani kooneka ngati P wotembenuka kaja, kamene kamaonetsa zobisika. Timadontho tinangoti mbwee tsamba lonse. Tinaseka tonse, koma ine ndinaseka mwamanyazi chifukwa yanga ndi yoteronso. Malire a masentimita 2.54 mbali zonse zinayi, mizere yotalikirana kawiri, ndime iliyonse kulowa mkati masentimita 1.27, zonsezi zimaikidwa kamodzi mu Styles musanalembe liwu loyamba. Mukasintha chaputala 2, chaputala 4 sichisokonekera.

Malamulowa ndi a American Psychological Association (APA), ya ku Washington. Anayamba mu 1929 ngati nkhani ya masamba 7 m'magazini ya Psychological Bulletin, ndipo buku limene likugwira ntchito pano, la nambala 7, linatuluka mu Okutobala 2019. Ambirife tikutsatirabe buku la nambala 6 osadziwa, poti timaonera madizeteshoni akale a mulaibulale. Tsono mverani. Olemba akakhala atatu kapena kuposa, mkati mwa nkhani mumatchula woyamba yekha ndi "et al." (kutanthauza "ndi anzake") kuyambira koyamba penipeni. Kumndandanda wa mabuku kumapeto mumalemba mayina mpaka 20. Mzinda umene buku linasindikizidwa sulembedwanso. DOI, nambala yozindikiritsa nkhani kapena buku pa intaneti, imalembedwa ngati linki yoyamba ndi https://doi.org/. Times New Roman 12 si yokhayo yololedwa: Calibri 11, Arial 11 ndi Georgia 11 zonse n'zovomerezeka. Kamutu ka zilembo zazikulu ka pamwamba pa tsamba kaja, kamene sikapitirira zilembo 50, n'ka pepala lopita ku jenolo. La wophunzira silikafuna, pokhapokha dipatimenti itanena.

Pa ziwerengero m'pamene tinakhalitsa, ndipo m'pamene inki yofiira imathera. Zilembo monga p, t, F, M ndi SD zimapendekeka. Nambala imene singapitirire 1 siyamba ndi ziro, choncho timalemba p = .03, osati 0.03. SPSS, pulogalamu yosanthulira ziwerengero ija, ikakupatsani .000 musakopere mmene zililimo, lembani p < .001, chifukwa kompyuta yangodula manambalawo. Matebulo a SPSS nawonso asamamatidwe mupepala ndi mabokosi awo. Tebulo la APA lilibe mizere yotsika, nambala yake imakhala pamwamba yodetsedwa, mutu wake pansi pa nambalayo wopendekeka.

Ine ndinadzutsa nkhani imene ikutikhudza ife ofunsa anthu m'Chichewa. Mawu a munthu amene mwacheza naye pa kafukufuku wanu salowa mumndandanda wa mabuku, ndipo dzina lake lenileni limabisidwa. Akafika mawu 40, amaima paokha ngati ndime yolowa mkati, opanda zizindikiro za mawu ogwidwa. Buku la Chichewa mumalilemba mumndandandamo ndi mutu wake wa Chichewa, tanthauzo la Chingerezi n'kutsatira m'mabulaketi a makona. Chinandisangalatsa china n'chaching'ono: chilembo cha ŵ mu Word chimatuluka mukalemba 0175 n'kudina Alt ndi X pamodzi. Zaka zonsezi ndinkachikopera pa intaneti.

Tsiku lachiwiri anatisonyeza LaTeX, pulogalamu ina yosanjira mapepala. M'menemo muli chikombole chotchedwa apa7: mukasankha stu chimakusanjirani pepala la wophunzira, man la ku jenolo, jou looneka ngati losindikizidwa kale. Chimagwira bwino ndithu, ndipo mndandanda wa mabuku umasanjika wokha kudzera mu zida zake zotchedwa biblatex ndi biber. Pali ziwiri zoti muchenjere nazo. Muyenera kuchiuza kuti pepala ndi A4, apo ayi chitenga saizi ya ku America. Komanso jou imadula mawu kumapeto kwa mzere potsatira Chingerezi, moti liwu la Chichewa limatha kuduka pakati pa n ndi g. Anzathu ena anachikonda kwambiri. Ine maganizo anga ndi akuti amene atsala ndi miyezi itatu asayambe LaTeX pano. Overleaf, webusayiti yolemberapo LaTeX, imafuna intaneti nthawi zonse, bandulo ndi ndalama, ndipo masupavaiza athu ambiri amakonza ndi Track Changes mu Word. A chaka choyamba ndi amene ali ndi mpata woiphunzira.

Chimene ndikupempha tonse tichite ndi kuika Zotero, pulogalamu yosunga ndi kusanja mndandanda wa mabuku. Ndi yaulere, imalowa mu Word, imagwira ntchito ngakhale netiweki palibe. Koma imatulutsa zimene mwaiikira. Tinaona ikutenga dzina la bungwe n'kuligawa ngati la munthu, World Health Organization n'kusanduka "Organization, W. H." Chilichonse cholowa muziyamba mwachiyang'ana ndi maso.

Malamulo a dipatimenti akasiyana ndi a APA, mwachitsanzo pa tsamba loyamba kapena malire a kumanzere osiyira bainding'i, timatsatira a dipatimenti. Ndapempha mlembi wathu akatitengere pepala la malamulowo ku ofesi.

Loweruka 2 koloko masana ndidzakhala m'chipinda chathu chija ndi fayilo ya Word yosanjidwa kale pa fulashi. Bwerani ndi laputopu yotchaja komanso chaputala chimodzi chimene chinabwezedwa.

Ndine nthumwi yanu.