Usanagule puloti ku Dwangwa

Aise mnzanga,

Uthenga wako wa pa WhatsApp uja ndinaumvera kawiri, koma ndaona kuti yankho lake silingakwane pa foni. Kuno tonse tili bwino, mlamu wako akupereka moni. Mwana wachiwiri uja wayamba Sitandade 1, ndipo nsapato imodzi wataya kale.

Ukuti ndalama zomwe wasunga ku Joni ukufuna umangire mdadada wa nyumba za lendi kuno ku Dwangwa. Maganizo ndi abwino. Koma wafunsa munthu amene wakhala pa lendi zaka zisanu ndi ziwiri, m'nyumba zinayi zosiyana, ndiye undilole ndilankhule ngati wokhalamo osati ngati mlangizi wako wa bizinesi.

Tauni ino imapuma ndi fakitale ya shuga. Akuluakulu amatiuza kuti a kampani ya Lonrho asanadzalime nzimbe m'zaka za m'ma 1970, kuno kunali madambo ndi midzi basi. Kenako mu 1982 kunabwera Ethco yotcheza ethanol kuchokera ku zotsalira za shuga, ndipo anthu anayamba kukhamukira kuno kuchokera ku Ntchisi, ku Kasungu, ku Mzimba, ngakhale ku Nsanje. Mpaka lero pamsika umva Chichewa, Chitonga, Chitumbuka ndi Chisena pa benchi limodzi la usipa. Sizoni yogaya ikayamba cha mu Epulo, odula nzimbe amafika ndi zikwama zawo, chipinda chilichonse chimapeza mwini, ngakhale chija ankasungiramo makala. Mvula ikayandikira, fakitale n'kuima, ambiri amabwerera kwawo kukalima. Pamenepo eni nyumba amayamba kukupatsa moni woyamba iwowo. Uwerengeretu miyezi imeneyo, chifukwa zitseko zina zidzakhala ndi loko.

Kaya ukukumbukira phulusa lija? Akatentha munda madzulo kuti adule m'mawa, timasamba takuda timagwa ngati ngumbi. Mlamu wako amati akayanika mayunifomu a ana amayang'ana kaye komwe mphepo ikuchokera. Tsiku lina tinasiya ufa pamphasa n'kupita kumaliro, pobwera tinapeza ngati wathiridwa tsabola. Tinazolowera. Utsiwo ukaoneka timadziwa kuti mwezi ukatha anthu alandira, akabaza apeza okwera, amayi a mandasi agulitsa. Koma pomanga uikeko khonde lotchinga ndi siling'i, anthu ako adzakudalitsa.

Tsono za nyumba yomwe ndikukhalayi. Tilipo mabanja asanu pa mita imodzi ya magetsi. Aise, palibe chimene chimadanitsa anthu ngati mita imodzi. Timasonkha ya mayunitsi mofanana, koma wina ali ndi firiji yogulitsira mafirizesi, wina amaphika nyemba pa hotipuleti usiku tonse titagona, ine ndili ndi mababu atatu ndi wailesi. Mayunitsi akatha pa 19, aliyense amatuluka panja n'kumayang'ana mnzake ngati mfiti. Tinachitapo msonkhano pansi pa mtengo wa mango, mayi wa firijiyo n'kulumbira kuti yake "siidya magetsi". Mpaka lero iye ndi mlamu wako amangopatsana moni wa pakamwa. Chimbudzi n'chimodzinso, ndipo ndandanda ya okolopa yomwe tinamata pachitseko inang'ambika sabata yoyamba.

Alandilodi athu ndi munthu wopemphera, sindikana. Koma Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anabwera mawa lake lomwe kudzakweza lendi, ati simenti yakwera. Ndinawafunsa kuti simentiyo aiika pati, poti mng'alu wa kuchipinda kwanga buluzi amalowa osapinda mchira. Anaseka, n'kunena kuti ofuna nyumba ndi ambiri. Ndinalipira. Ukadzakhala landilodi, adivansi ya miyezi itatu uzitenga, ndi mwambo wake, koma denga likadontha uzibwera usanaitanidwe kachitatu.

Chachikulu kwambiri ndi malo. Pali anthu adzakuonetsa puloti yotchipa, yosalala bwino, m'mwezi wa Seputembala. Usapereke ndalama. Malo a kuno amaonedwa mu Febuluwale. Madzi osefukira a 2024, mtsinje wa Dwangwa utadzaza, anagwetsa nyumba zambiri, anthu n'kukagona m'misasa, msewu wa M5 n'kuduka. Mnzathu wina wa kutchalitchi anapulumutsa matiresi ndi ana basi. Ugule kumtunda ngakhale kudule, ndipo pepala la kwa amfumu lokha lisakukwanire, ukafikenso ku maofesi a zamalo ku boma.

Unafunsanso ngati sikungakhale bwino kumanga ku boma komweko. Ine ku Nkhotakota ndimakukonda. Mwezi watha ndinapitako ndi mwana wamkulu, ndinamuonetsa mkuyu uja pafupi ndi chipatala cha St Anne's pomwe amati David Livingstone anakumana ndi Jumbe mu 1863 pa nkhani ya malonda a akapolo, kenako tinatsikira kunyanja kukagula chambo. Kumeneko moyo ndi wodekha, okhala pa lendi ambiri ndi aphunzitsi, anamwino ndi apolisi, olipira mwezi ndi mwezi chaka chonse koma osathamangira kukweza. Ku Dwangwa ndalama imabwera mothamanga n'kuchokanso mothamanga. Ndikanakhala iwe ndikanayamba ndi zitseko zitatu kuno kumtunda, chilichonse ndi mita yake.

Ndalama usatumize kwa achibale ambirimbiri, usankhe mmodzi wosunga malisiti. Ukabwera pa Khirisimasi tidzayendere limodzi mapulotiwo, ngakhale ndikanakonda udikire mvula igwe kaye. Mpunga wa kilombero ndakusungira, koma mpasa wa mu Bua sindikulonjeza, ukusowa masiku ano. Undibweretsereko chaja ya foni yolimba, za pano zikumatha sabata ziwiri.

Ndipo khomo limodzi pa atatuwo undisungire ine.

Ndine mnzako wakale,
wa ku Dwangwa