Alendo azifunsa asanalipire malo ogona

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za alendo amene amakonda kukagona m'dera la mumzinda lodzaza ndi mabala, malo odyera ndi magule. Zithunzi za pa intaneti zimaonetsa bedi loyalidwa bwino, koma sizinena kuti zenera layang'ana msewu umene nyimbo zimagunda mpaka mbandakucha. Mlendo azipempha chipinda chakumbuyo kapena cham'mwamba. Ngati wabwera ndi galimoto, afunsiretu za poimika potetezeka, chifukwa m'madera otere malo amadzaza dzuwa lisanalowe.

Pa mayendedwe ndi pamene ambiri amagwa m'mbuna. Masana mabasi amakhala mbwee, mtengo wake wotsika. Usiku akasiya kuyenda, chotsala ndi takisi, ndipo zoitanitsa pa foni monga Uber zimakweza mtengo nthawi imene khamu likutuluka m'mabala. Pamenepo chipinda chotchipa chakutali chimadya ndalama zambiri kuposa chodulirapo chomwe munthu angafikeko wapansi.

Pempho langa kwa eni malo ogona ndi lakuti azilemba poyera nthawi imene basi yomaliza imadutsa pafupi nawo, komanso nambala ya takisi yodalirika.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu