Kalata yopita ku Coventry: za ndege zomwe zinatsogolera moto

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti dzuwa latiwamba. Chithunzi munanditumizira chija, cha tchalitchi chopanda denga chomwe mumadutsapo popita kuntchito, ndachiona. Munafunsa kuti anachita zimenezi ndani, ndiye poti ine ndi nkhani za nkhondo sitisiyana, tamvani.

Usiku wa pa 14 Novembala 1940, pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndege za Germany pafupifupi 500 zinaukira Coventry, ndipo anthu oposa 550 anafa. Koma zoyamba kufika zinali zochepa chabe, za mtundu wa Heinkel 111, za gulu lotchedwa Kampfgruppe 100 lomwe linkanyamukira ku Vannes m'dziko la France. Ntchito yawo inali kupeza mzinda woti wazimitsa magetsi onse, n'kuuponyera mabomba oyatsa moto. Obwera m'mbuyo ankangolondola motowo.

Nanga ankaupeza bwanji? Anali ndi chipangizo chotchedwa X-Gerät. Kuchokera kufupi ndi Cherbourg ku France komweko, Ajeremani ankatumiza mafunde a wailesi opyapyala ngati chingwe, olunjika pamwamba pa mzinda womwe akufuna, ndipo woyendetsa akapatuka pang'ono chipangizocho chinkamuuza. Mafunde ena atatu ochokera cha ku Calais ankadula njirayo. Oyamba anali ochenjeza kuti mwayandikira. Pa achiwiri ankayambitsa wotchi yapadera, pa achitatu wotchiyo inali itadziwa liwiro la ndege, kenako inkamasula yokha mabomba nthawi ikakwana. Mu 1940, achimwene, kopanda kompyuta!

Chondiwawa ndi ichi. Pa 6 Novembala, ndege imodzi ya gululi inasochera n'kutera m'mphepete mwa nyanja ku West Bay, kufupi ndi Bridport ku England, chipangizo chili momwemo. Asilikali a Britain a pamtunda ndi a pamadzi anayamba kulimbirana kuti woitulutsa ndani, mpaka madzi anaimiza. Ataivuula n'kuchiunika, akatswiri anapeza kuti mafundewo ankalira pa 2,000 Hz, pomwe Angerezi ankawasokoneza ndi kulira kwa 1,500 Hz, komwe chipangizocho chinkangokusefa. Uthengawu unafika mochedwa, Coventry atapsa kale. Komabe ine sindingawaweruze kwambiri. Usiku umenewo mwezi unali mbee, mwina mzindawo akanaupezabe.

Kumapeto kwa 1941 gululi linakula n'kukhala Kampfgeschwader 100, ndipo linamenya nkhondo ku Russia, ku Sevastopol ndi ku Stalingrad. Za kumeneko ndidzakulemberani tsiku lina.

Mu 1943 linapatsidwa ndege za Dornier 217 ndi mabomba owongoleredwa ndi wailesi. Bomba likamagwa, kumchira kwake kunkayaka nyali, ndipo msilikali ali m'ndege ankayang'ana nyaliyo akuliwongolera ndi kandodo. Pa 27 Ogasiti anamiza sitima ya Britain, HMS Egret, ku Bay of Biscay. Pa 9 Seputembala, tsiku lotsatira Italy italengeza kuti yasiya kumenya nkhondo, ndege zotsogoleredwa ndi Bernhard Jope zinapeza sitima yaikulu ya Italy yotchedwa Roma kufupi ndi Sardinia. Mabomba awiri owongoleredwa otchedwa Fritz X anakwana: sitimayo inathyoka pakati, anthu oposa 1,300 n'kufera momwemo, kuphatikizapo mkulu wawo Carlo Bergamini. Ganizani kuti awa anali anzawo a dzulo lomweli. Patangopita sabata Ajeremaniwo anavulazanso koopsa sitima ya Britain, HMS Warspite, ku Salerno m'dziko la Italy.

Chida chimenechi chinali ndi vuto lake. Pa nthawi yowongolera bomba, ndege inkayenera kuuluka mowongoka osakhota, ndiye ndege za adani zitachuluka mlengalenga zinkaigwetsa mosavuta. Adaniwo anaphunziranso kusokoneza mafundewo. Gululi linathetsedwa nkhondo isanathe.

Mundipatsire moni alamu, muwauzenso ana kuti Chichewa asachiiwale. Amayi akufunsa ngati mubwera pa Khirisimasi, muwayankhe nokha.

Ndine mnzanu wa ku Zomba