Pa mawotchi awiri aja, ndasankha ya pansi pa madzi

Achimwene,

Zithunzi za mawotchi awiri aja, Orient Bambino ndi Seiko ya olowa pansi pa madzi, ndinazilandira, ndipo sabata yonseyi ndakhala ndikuzitsegula pafoni usiku ndisanagone. Mwati ndisankhe imodzi kuti mudzanditengere pochoka ku Johannesburg mu Disembala. Ndasankha, koma mtima unavuta, choncho mundilole ndifotokoze.

Orient Bambino ija itangotulukira, ndinaona dzanja la malemu bambo. Mukuikumbukira wotchi yawo yopyapyala, ya lamba wachikopa? M'mawa uliwonse asanamwe tiyi ankaivula, n'kuipukusa pang'onopang'ono ndi zala ziwiri, kenaka n'kuiika pakhutu panga kuti ndimve ikugunda. Munalibe batire m'menemo. Munali sipuling'i yokulungika, imene imamasuka pang'onopang'ono n'kumayendetsa timagudumu, ndipo ukaiiwala masiku awiri umaipeza itaima. Wotchi yotere imalowa mwaulemu pansi pa mkono wa shati, osakola batani. Ndi ya kutchalitchi, ya paukwati, ya tsiku lovala jekete.

Komatu mukudziwa mmene ya bambo inathera. Mvula inandipeza nditaivala panjinga, pofika kunyumba galasi linali litachita nkhungu m'kati. Mwezi usanathe, dzimbiri linagwira. Mpaka lero ili m'kabati, mivi yake inaima pomwepo, ndipo ndikatsegula kabatiyo zimandipweteka. Bambino nayo analemba kuti mamita 30, koma nambalayo isakunamizeni: amatanthauza madontho a posamba m'manja, osati kulowa nayo m'nyanja.

Tsono ine kuno ku Senga Bay, tsiku lopanda madzi, mchenga kapena thukuta ndi liti?

Seiko ija ndi yolemera, ndi yonenepa, ndipo pa shati ya mikono itali idzavuta, ndikuvomera. Koma chilichonse chili pamenepo chili ndi ntchito. Kamutu kopukusira kamamangidwa ngati bawuti, timphira tam'kati timatseka madzi, mpaka mamita 200. Muyezo wa padziko lonse wotchedwa ISO 6425 umafuna kuti wotchi yotchedwa ya olowa pansi pa madzi ipirire mamita osachepera 100, ndiponso iziwerengeka mumdima. Ndiye magetsi akathima, mivi yake imakhala ikuwala yokha.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi mkombero wa manambala uja wozungulira galasi. Munthu polowa m'madzi amauzunguza kuti chizindikiro chake chilunjike pa muvi wa mphindi, kuti azidziwa nthawi imene watha pansipo. Ndipo umazungulira mbali imodzi yokha! Ukagunda pamwala n'kusuntha, umaonetsa ngati watha nthawi yambiri, ndiye munthu amatuluka msanga mpweya usanamuthere. Amene anaganiza zimenezi ankasamala za moyo wa mnzake. Mawotchi oterewa anatchuka kuyambira 1953 ndi Fifty Fathoms ya Blancpain komanso Submariner ya Rolex, pomwe Seiko inatulutsa yake yoyamba mu 1965.

Sindinamire ayi, ine kuzama kwanga n'kukaona mbuna m'miyala ya m'mphepete. Koma ndikufuna wotchi imene sindidzaivula mitambo ikada. Nayonso ilibe batire, imadzipukusa yokha dzanja likamayenda, ndiye kugunda kuja ndidzakumvabe, ndipo ndidzaika pakhutu pa mdzukulu wanga.

Mutenge Seiko, achimwene, ya lamba wa mphira, osati wachitsulo. Ngati kumeneko kuli mmisiri wodziwa mawotchi akale, mundiuze, ndidzakupatsireni ya bambo pobwerera.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana.

Ine mnzanu wa pamtima,
kuno kunyanja