Zikomo poti simunaseke sikirini yathu yobiriwira

Kwa a bwana oyang'anira gulu la sapoti,

Mundikhululukire kalatayi ikatalika, zaka zonse zomwe ndagwira ntchitoyi sindinalembepo kalata yothokoza kampani ya zamakompyuta, zomwe ndinkalemba zinali zodandaula basi, ndiye dzanja silinazolowere.

Ine ndine mmodzi wa madala aja a RPG, chilankhulo chakale cholembera mapulogalamu a kompyuta. Kuntchito kwathu maoda, sitoko ndi ma invoisi zonse zimayenda pa makina a kompyuta a kampani ya IBM omwe timawatchulabe kuti AS/400, ngakhale ndikudziwa kuti dzinalo linasintha kalekale, kunabwera iSeries, kenako System i, ndipo kuyambira 2008 ndi IBM i yoyenda pa makina otchedwa Power. Koma pakamwa panazolowera. Makina oyamba a AS/400 anatuluka mu 1988, ndiye munthu akangomva dzinalo amaona ngati tikusunga chinthu cha ku myuziyamu, osadziwa kuti bokosi lomwe lili mu seva rumu mwathu ndi latsopano ndithu, zakale ndi mapulogalamuwo, omwe timasamuka nawo tikagula makina ena ndipo amangodzuka nkuyamba kugwira ntchito ngati palibe chachitika.

Ndiye mabwana atanena kuti akufuna anyamata a zamalonda aziona sitoko pa foni ali kwa kasitomala, ine tulo tinatha. Osati poopa ntchitoyo ayi, koma ndinadziwa kuti ayitananso anthu akunja, ndipo akunjawo ndawaona mokwanira.

Oyamba aja anabwera ndi masuti ndi ma slide okongola, anangoona sikirini yakuda ya zilembo zobiriwira nkuyang'anizana, wina mpaka anajambula pa foni kuti akaonetse anzake. Sanatsegule pulogalamu ngakhale imodzi koma lipoti analemba, lonena kuti zonse zitayidwe tigule sisitimu yawo. Ena tinali nawo pa kontirakiti ya sapoti, amenewo ndiye ayi. Ukatsegula tikiti amakuyankha msanga kuti yalandiridwa, kenako zii. Ukaimba foni akuti amene amadziwa zimenezo watuluka, mawa akuti ali pa holide, mkuja akufunsa kuti kodi mukugwiritsa ntchito Windows yanji, ine nkuwauza kuti bambo si Windows iyi, iwo akuti chabwino tazimitsani muyatsenso. Makina oyendetsa kampani yonse masana dzuwa likuswa mtengo ndizimitse! Tikitiyo anaitseka okha, nkunditumizira imelo yofunsa ngati ndakhutira.

Koma yomwe inandiwawa ndi ya achitatu. Awa anaiyambadi ntchito yosamutsa, miyezi inapita, ndalama zinapita, kufika poyesa sisitimu yatsopanoyo inkalakwitsa ma disikaunti a makasitomala akale chifukwa malamulo ake sali m'buku lililonse, ali mu khodi ya mapulogalamu athu momwemo, tinkawonjezera pang'onopang'ono chaka ndi chaka. Anthuwo sanandifunsepo kanthu. Zitakanika anauza mabwana kuti vuto ndi mdala wanuyu, akubisa zinthu kuti asachotsedwe ntchito. Mawu amenewo ndinawameza koma sanatsike.

Ndiye tsiku lomwe a kampani yanu amabwera ndinavala nkhope yolimba, ndinali nditakonzekera kale kutchedwa chotsalira.

Achemwali omwe munatitumizira aja, dzina sindilemba pano koma mukuwadziwa, anangofika nkukoka mpando kukhala pambali panga, nkunena kuti bambo tandionetsani mmene oda imayendera kuchokera poyamba. Ndinaganiza kuti ndi ulemu chabe wa mphindi zisanu. Tinakhala mpaka madzulo. Anali ndi kope lenileni la pepala, akulemba, akufunsa kuti indiketa iyi ikayaka chimachitika nchiyani, bwanji fayilo iyi mumaiwerenga kawiri, ndipo pena anaseka nkunena kuti amene anaganiza izi anapulumutsa kampani ku mavuto ambiri. Amene anaganizayo ndinali ine, ndili ndi tsitsi lakuda.

Koma chomwe chandilembetsa kalatayi ndi chaching'ono kuposa pamenepo. Tsiku lachiwiri anandiikira pulogalamu yolemberamo khodi ya VS Code ndi kowonjezera kake kaja ka Code for IBM i kuti ndisiye yakale ija ya SEU, yomwe kunena zoona inasiya kalekale kuzindikira RPG yatsopano koma ine ndinkaikakamirabe. Anyamata awiri a mu ofesi mwathu anali ataima kumbuyo kwanga. Ine maso anafooka, tizilembo tija sindinkationa bwino, ndinkangoyandikira ku sikirini uku ndikunamizira kuti ndikuganiza. Achemwaliwo anaona. Sananene kanthu. Anangoti tabwerekeni kiyibodi pang'ono ndikonze kenakake, nkukulitsa zilembo, nkusinthanso mitundu kuti kumbuyo kude zilembo zikhale zobiriwira ngati pa sikirini yathu yakale ija ya 5250, kenako nkubweza kiyibodi nkupitiriza nkhani ina. Anyamata aja sanadziwe nkomwe chomwe chachitika. Ine ndinakhala kaye chete, kukhosi kunali kutadzadza. Munthu wina akanati kodi adala simukuona, anthu nkuseka, ine nkudana nayo pulogalamuyo mpaka kupuma ntchito.

Zina zonse zinangoyenda, mwatsatanetsatane sindilowamo, zambiri ankakambirana ndi anzawo kumeneko ine nkumangomva kuti zatheka. Chomwe ndikudziwa nchoti pulogalamu yanga yowerengera mitengo sanaitaye, anaikonzera khomo lomwe amati API, ndipo apu ya pa foni ija ikafuna mtengo imagogoda pamenepo, yankho limachokera ku khodi yomweyo yakale ndi nkhokwe ya deta yomweyo ya Db2. Anationetsanso kuti makina omwewa amayendetsa zolembera mapulogalamu zamakono monga Python ndi Node.js, ndipo khodi yathu pano ili mu Git, yomwe imasunga mbiri ya zonse zomwe tasintha, sitikusunganso makope a mayina ngati OLD2 ndi OLD3 omwe ndimachita nawo manyazi.

Chodabwitsa china ndi anyamata aja. Kale ankathawa RPG ngati matenda, ndipo sindiwanena, RPG yakale ija ya makolamu, yoti chilembo chikangosuntha malo amodzi zonse zasokonekera, ndani wa zaka 25 angaikonde. Chilankhulochi chinayamba mu 1959 nthawi ya makadi obowola, makolamuwo anachokera kumeneko. Koma achemwali atalembanso pulogalamu imodzi mu free-format, kalembedwe katsopano ka RPG kosadalira makolamu, mnyamata wina anati aa, kodi ndi zomwezi? Pano amabwera pa desiki panga masana aliwonse, iye amandiphunzitsa SQL, chilankhulo chofunsira deta chomwe ndinkachizemba, ine ndimamufotokozera chifukwa chomwe kasitomala wakuti amalipira mosiyana ndi anzake. Ndikadzapuma sindidzapita nazo zonse m'mutu, zomwe ena aja ankandinamizira kuti ndikufuna.

Ndipo mu lipoti lawo kwa mabwana analemba kuti malamulo a bizinesi anawafotokozera ndine. Mzere umodzi wokha, koma abwana anandiyitana nkundigwira chanza, omwewo amene chaka chatha ankandiyang'ana cham'mbali.

Sindikunena kuti aliyense kwanuko ndi mngelo, foni yoyamba yomwe ndinaimba anandisungitsa pa nyimbo nthawi yaitali ndithu, mwina muonepo pamenepo. Ndipo ena aja a masuti ndamva kuti akuzunguliranso kwa mabwana ndi ma slide atsopano, akuti tsopano ndi AI izalembenso zonse sabata imodzi. Abwere, mpando uja ulipo pambali panga ngati angafune kukhala.

Chonde muwauze achemwaliwo kuti mitundu ija sindinasinthe. Ndipo mwezi wamawa tikamayamba za malipoti osindikiza aja tikupempha kuti mutitumizire omwewo, musatisinthire.

Ine wanu wothokoza,
Mdala wa RPG