Zotulukiridwa mu labotale zimafera pa thanki yaikulu

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani zomwe timawerenga kawirikawiri zakuti asayansi atulukira chinthu chomwe chisinthe dziko. Nkhanizi zimathera pakhomo la labotale, chonsecho ntchito yodya ndalama ndi zaka imayambira pomwepo.

Alexander Fleming anaona mphamvu ya penicillin, mankhwala opha mabakiteriya ochokera ku nkhungu, mu 1928. Pofika 1941, gulu la Howard Florey ndi Ernst Chain ku Oxford linkameretsabe nkhungu yake m'ziwiya zosaya, ndipo mankhwala ankachepa moti ankawasefanso kuchokera mu mkodzo wa wodwala wawo woyamba. Mankhwalawo atatha, wodwalayo anamwalira. Zinthu zinayenda akatswiri a ku Peoria ku America atapeza kuti madzi otsala pokonza chimanga amachulukitsa mankhwalawa, komanso makampani ngati Pfizer ataphunzira kumeretsa nkhunguyo m'mathanki akuya, akutakasa ndi kupopamo mpweya woyera.

Thanki yaikulu imavuta pa chifukwa cha masamu. Mukakulitsa thanki kakhumi mbali zonse, zam'kati zimachuluka ka 1,000 koma khoma lotulutsira kutentha limakula ka 100 kokha. Kutentha kumaunjikana pakati, mpweya sufika paliponse, ndipo zomwe zinkatheka m'botolo la lita imodzi zimakanika. Palinso zotayika panjira. Ngati chinthu chimadutsa magawo khumi ndipo gawo lililonse limatulutsa zabwino 95 pa 100, kumapeto kumatsala pafupifupi 60. Wofufuza amasankha chimodzi chabwino n'kulemba lipoti. Mwini fakitale amalipira 40 zotayidwazo.

Sikelo ya NASA, bungwe la ku America loona za m'mlengalenga, imayeza kukhwima kwa luso kuyambira 1 (chiyambi cha kafukufuku) mpaka 9 (chogwira ntchito kale). Mayunivesite ambiri amalekera cha pa 3 kapena 4, pomwe amalonda amafuna chofika cha pa 7. Pakatipo m'pofunika kafakitale koyesera, ndipo m'pomwe ndalama zimasowa kwambiri. Kwa ine, wopereka thandizo la kafukufuku osasiyako gawo la kafakitaleka akutaya zomwe waika kale. Injiniya wa zopangapanga alowe m'gulu msanga, ofufuza asanazolowere kugwiritsa ntchito zipangizo zomwe sizigulidwa pa matani.

Ofufuza asamalenso za patenti, chikalata choteteza umwini wa chotulukiridwa: kalembetseni musanafalitse. Ku Ulaya, mukangolengeza poyera musanalembetse, mwayi wapita; ku America amapereka chaka chimodzi. Stanley Cohen ndi Herbert Boyer anafalitsa njira yawo yolumikizira DNA, yomwe imasunga chibadwa cha zamoyo, mu 1973, pempho la patenti n'kubwera mu 1974, ndipo chitetezo anachipeza ku America kokha. Zaka 20 za patenti zimawerengedwa kuyambira tsiku lolembetsa, choncho chaka chilichonse chochedwa kufika pamsika chimadulidwa pa zomwezo.

Pempho langa kwa atolankhani anu ndi lakuti akamalemba za chotulukiridwa chatsopano azifunsa kuti chapangidwa chochuluka bwanji pa nthawi imodzi, pa 100 zilizonse zabwino zimatuluka zingati, nanga ndani wachiyesa kunja kwa labotaleyo.

Ine wanu,
Wowerenga