Kalata ya kupolisi payokha siingateteze ana m'sukulu

A Mkonzi,

Ndiloleni, ngati kholo, ndilankhulepo za kufufuza mbiri ya munthu asanalembedwe ntchito pasukulu.

Ambirife tikaona kalata ya kupolisi yonena kuti munthu sanapalamulepo, mtima umakhala m'malo. Komatu kawirikawiri kalatayo imangoonetsa amene khoti linawapeza olakwa. Ogwirira ana ambiri safika n'komwe kukhoti: mwana amaopa kuulula, makolo amachita manyazi, akuluakulu a sukulu safuna dzina liipe.

Zimene zinachitika ku Soham, ku England, mu 2002 sizindichoka m'mutu. Ian Huntley, yemwe ankasamalira nyumba ndi malo pasukulu ya sekondale, anapha atsikana awiri a zaka 10. Kenako zinadziwika kuti ku Grimsby, komwe ankakhala kale, anali atanenezedwapo kangapo kupolisi kuti amagona ndi ana ndiponso kugwirira, koma sanapezekepo wolakwa pa milanduyo. Kafukufuku amene boma la Britain linakhazikitsa pa nkhaniyi, wotsogozedwa ndi a Michael Bichard, mu 2004 anapeza kuti apolisi sanasunge bwino madandaulowo, ndipo sanagawane mokwanira ndi anzawo. Ndipotu munthuyu sanali mphunzitsi. Ife maso timangoika pa aphunzitsi, n'kuiwala mlonda, dalaivala, wophika ndi wophunzitsa mpira, omwe nthawi zina amatsala okha ndi mwana.

Chimene chimandiwawa koposa ndi kubisirana. Munthu zikamumvekera, amamunong'oneza kuti asiye ntchito mwakachetechete, n'kumulemberanso kalata yomuyamikira. Mawa lake ali pasukulu ina, pakati pa ana ena. Ku America anachiona chimenechi, moti lamulo lawo la maphunziro la 2015, Every Student Succeeds Act, limafuna kuti sukulu ziletsedwe kuthandiza munthu kupeza ntchito ina pamene pali chifukwa chomveka chomuganizira kuti anachita zadama ndi mwana.

Inde, alipo amene amanamiziridwa, ndipo bodza lotere limapha tsogolo la munthu. N'chifukwa chake dandaulo lililonse lizifufuzidwa mpaka pamapeto, woganiziridwayo azimvedwa mbali yake, ndipo zotsatira zizilembedwa ngakhale atathawa ntchito nkhani isanathe.

Pempho langa kwa aphunzitsi aakulu ndi lakuti musamakhutire ndi mapepala amene wofunsira ntchito wabweretsa yekha. Ngati pa mbiri yake pali zaka zimene sakuzifotokoza, mufunseni komwe anali. Imbani nokha foni komwe ankagwira, mufunse mosapita m'mbali kuti anachoka chifukwa chiyani, nanga iwowo angamusiyire mwana wawo?

Kholo lokhudzidwa